Jekete la a Fines pa Benchi Yachitatu

Nangongwe, Kafue
Lolemba, 14 Okutobala

Okondedwa mlongo wanga aTinenenji,

Landirani moni wochokera kuno ku Kafue. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Mwendo uja unkatupa nthawi ya mvula unaleka kukuvutani? Ine ndilipo, kupatula msana umene umandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Kuno dzuwa lafika poipa, ndipo mtsinje watsika mpaka asodzi akudandaula.

Mudabwa kuona kalata yanga patatha zaka zisanu ndi ziwiri tisakulankhulana. Musafunse amene wandilembera. Ndalemba ndekha. M'kalasi sindinapondemo, mukudziwa, koma zilembo ndinaziphunzira pa masaka a feteleza, malemu akulu athu a Fines akundilozera ndi chala nthawi yopuma ku fakitale. Foni ndili nayo, koma pa foni munthu amatha kudula mnzake asanamalize. Werengani mpaka pansi.

Ndikugwirabe ntchito yosamalira bwalo la basiketibolo pa koleji ija. Ndimasesa, kupaka mizere, kumanga maneti ndi kutsegula geti. Ndi bwalo lomwe lija tinakutengerani mutabwera kudzacheza, mabenchi ake a simenti omwe aja. Mukumbukira mmene linkadzazira? Anthu ankabwera kuchokera ku mafakitale ali m'maovololo, osasamba n'komwe, ena kukwera mumtengo wa mango kuti aone. A Fines ankakhala kumapeto kwa benchi yachitatu ndi chitini cha mafuta pakati pa miyendo, kuchimenya mpaka refa kuwapempha kuti wezulo imveke.

Masiku ano Loweruka masana ndikatsegula geti, amalowa osewera, refa, ine, ndi galu wa ophika. Basi. Ana a koleji amakhala m'mahositelo maso ali pa foni, kuonera mpira wa ku Ulaya. Ena amakwera minibasi Lachisanu kupita ku Lusaka. Mpira ukagunda pansi, phokoso limakagunda khoma la woshopu n'kubwerera, ngati pali masewera ena kuseri kumene sitikuwaona. Ndinafunsa mnyamata wina chifukwa chake sabwera kudzachemerera anzake. Anandiyankha kuti ba Miti, ife timasapota maningi, onani, n'kundionetsa kachala kake koloza m'mwamba pa foni. Ndinamuuza kuti kachala kameneko akhale nako pa benchi tikaone ngati kaimba.

Chimene chandilembetsa ndi mdzukulu wanu Melody, wobadwa kwa mwana wanga Nelly. Wakula, ndi wamtali kuposa ine, akuphunzira za magetsi. Malo ake pa koleji ndi bedi lake ku hositelo anazipeza chifukwa cha timu ya atsikana. Mwezi watha Madamu, mkulu wa koleji, anaitana kochi, dzina lake Ferdinand, n'kumuuza kuti atopa kusunga timu yosewerera galu. Anati teremu ino ikatha mabenchi ali opanda anthu, timu itha, ndipo bwalo lisanduka poimika magalimoto. Timu ikatha, Melody abwerera ku Nangongwe atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Anandiuza yekha akuseka, koma maso sanaseke.

Ferdinand anayesa zake. Anamata mapepala m'makoma, anabwereka sipika. Panabwera anthu anayi, awiri anathawa dzuwa theka la masewera lisanakwane.

Tsono ine ndinaganiza zanga. Ofesi ya Madamu ili pamwamba, kutali, ndipo Loweruka amangoyang'ana pa windo. Ndinakumbukira mmene bambo ankaimikira anthu a udzu m'munda wa mapira kuti mbalame ziziyesa pali mwini. Sindinauze aliyense. Ndinayenda m'Nangongwe khomo ndi khomo kwa amayi amasiye a anzathu a ku fakitale, kupempha maovololo akale. Mukudziwa kuti pogawa zovala za maliro abale amatenga masuti ndi nsapato, ovololo palibe amaifuna, imatsala pansi pa sutikesi ya mkazi. Ndinkangonena kuti ndi za ntchito ya ku koleji. Bodza sindinanene. Anandipatsa khumi ndi asanu ndi anayi, ena ndi zipewa zake.

Ndinawadzaza udzu wouma, mitu ndinapanga ya masaka, ndinawamanga ndi waya kuti akhale tsonga. Nditawaika pa mabenchi ndinaona kuti kumapeto kwa benchi yachitatu kwatsala malo. Ndinapita kunyumba kukatenga jekete lobiriwira lija la a Fines, ndi chipewa chawo. Inde, jekete lomwe lija.

Loweruka loyamba kunabwera timu ya ku Lusaka. Atsikana a timuyo atalowa anaseka mpaka kugwirana, kujambula ndi mafoni. Wina anafuula kuti ku Kafue masapota amachita kulima. Ferdinand anandiyang'ana n'kundifunsa kuti mudala, mwachita chiyani. Ndinamuuza kuti asamale za mpira, za mabenchi ndi zanga.

Masewera atayamba kuseka kunatha. Sindidziwa mmene ndingakufotokozereni. Anali masana, dzuwa lili pamutu, koma anthu makumi awiri aja atakhala chete, manja ali pa mawondo, mumamva kuti akuonerera. Kamphepo kochokera kumtsinje kakadutsa, mikono ya maovololo imagwedezeka pang'ono, wina pambuyo pa mnzake. Galu wa ophika anaima pa geti, sanalowe. Mpira unatuluka m'bwalo katatu, ndipo katatu konse unagubuduka mpaka kukaima pansi pa a Fines. Kachitatu mtsikana wa ku Lusaka anakana kukautenga, ndinakautenga ndine. Ine ndikuti simenti ya pamenepo inatsetsereka kalekale. Ndi zimene ndinawauza.

Madamu anaona pa windo n'kukondwa. Anatsika kuti adzathokoze makolo a m'komboni. Anafika akumwetulira, anatambasula dzanja kwa ovololo ya malemu a Lungu, ndipo dzanja linatsala m'malere. Sanakalipe. Anangondiuza motsitsa mawu kuti ba Miti, pofika Lolemba zinthu izi ndisazione. Ndinavomera ndi mutu, koma sindinachotse. Ndinali nditagwira ntchito masiku asanu.

Zithunzi za ana a ku Lusaka zija zinayenda m'mafoni mpaka kufika ku Nangongwe. Apa ndi pamene ndinaona chimene sindinachiganizire. Ine ndinkaona maovololo. Eni ake anaona amuna awo. Amake Daliso, a Winfrida, anazindikira chigamba chimene anasoka okha pa bondo la amuna awo. Anandipeza pa msika ndikugula kapenta. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndinapenga ndi ukalamba kapena ndinabadwa choncho. Anati amuna awo anawaika ndi ulemu, ndi kwaya, lero ine ndawakhazika padzuwa ngati dzungu. Ndinawayankha kuti amuna awowo a Zulu, akadali moyo, ankakhala padzuwa lomwelo Loweruka lililonse, ndipo osawakakamiza. Anati iwe Jackson, Loweruka tikubwera tonse kudzatenga amuna athu, ukonzeke.

Anabweradi, khumi ndi anayi, atavala zitenje, ena ndi ndodo. Anafika masewera atayamba kale, ndipo refa anawaletsa kudutsa ndi katundu mpaka theka. Tsono aliyense anayenda m'mabenchi kufunafuna wake. Akamupeza, amakhala pambali pake kudikira. Ndaonapo maliro ambiri, aTinenenji, koma chete wa tsiku limenelo sindinamuonepo. Mumangomva nsapato za atsikana kulira pa simenti. Ndinaona mayi mmodzi akukonza kolala ya ovololo, wina akuchotsa udzu umene unatulukira pa mkono.

Kenaka Melody anaponya ali kutali, kunja kwa mzere wokhota uja, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. A Winfrida anaimba nthungululu. Anamenya bondo la ovololo ija n'kunena kuti ba Zulu, mwaona ka mwana ka Nelly. Ena anatsatira. Theka litakwana palibe anaimirira. Anayamba nyimbo zakale zija za timu ya fakitale, mawu onse akuwakumbukira. Ana a m'mahositelo anatuluka kudzaona kuti kwagwa chiyani, ena anakhala mpaka pomaliza. Pochoka amayi aja anasiya maovololo pamalo pake. Anati amuna awo aziwasungira malo, abweranso ndi adzukulu. Asanu amene sanabwere tsiku limenelo anatumiza ana awo sabata yotsatira.

Madamu anandiitana Lolemba. Anati sakudziwa ngati andichotse ntchito kapena andithokoze. Anati masewera omaliza a teremu ali pa 26 mwezi uno, ndipo akadzaona amayi aja ndi ana awo pa mabenchi tsiku limenelo, timu ikhala.

Tsopano imvani chimene chatsala.

Onse ndinawaika akuyang'ana pakati pa bwalo. Khumi ndi asanu ndi anayi akuyang'anabe kumeneko. Koma a Fines, m'mawa uliwonse ndikabwera ndi tsache, ndimapeza mutu watembenukira ku geti. Ndinaukonza. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinati ndi mphepo, ndinawonjezera waya. Ndinati ndi ana a sukulu, ndinayamba kugona ndi kiyi m'thumba. Lachinayi ndinaumanga ndi waya wa mpanda, kuupota ndi pulayala mpaka dzanja kutuluka magazi. Lachisanu waya anali womangika monga ndinamusiyira, ndipo chipewa chinali chikuyang'ana ku geti. Melody akuti poyeserera masana amamva chitini chikulira kawiri katatu. Ndinamuuza kuti ndi malata a woshopu, amatero kukatentha. Koma malata amenewo ndawamva zaka zambiri, ndipo sadziwa kudikira kuti munthu agoletse.

Dzana amayi aja anabwera, koma benchi yachitatu anaisiya yopanda munthu. Masewera atatha a Winfrida anandiitanira pambali. Ulendo uno sanandinyoze, ndipo ndikanakonda akanandinyoza. Anati aliyense pa mabenchi apa ali ndi wake wokhala naye, koma uyu ali yekha, ndipo akudikira munthu. Anati adzukulu akuopa, ndipo iwonso pa 26 sabwera ngati adzakhala akadali choncho. Ndinati ndilichotsa jeketelo lero lomwe. Anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndi langa kuti ndilichotse. Ku Nangongwe kulibe chinsinsi. Akudziwa zimene zinachitika pa maliro a akulu athu.

Inunso mukudziwa. Amalume pogawa zovala ananena kuti jekete lipite kwa inu, mulitengere kumudzi, popeza akazi awo a Fines anali atatsogola kale ndipo ana analibe. Ine ndinalichotsa pamphasa anthu akuona. Ndinati ndine ndinawasambitsa miyezi isanu ndi itatu inu muli ku Katete. Munandiyang'ana, munanyamula chikwama chanu, ndipo simunagone m'nyumba mwanga.

Dzulo titatuluka ku tchalitchi ndinapita ndekha ku bwalo. Ndinakhala pambali pawo, dzuwa likuswa. Ndinawauza kuti akulu, ndine Jackson, ndabwera, yang'anani kuno. Ndinawauza za Melody, ndi za Madamu, ndi za magalimoto. Ndinakhala mpaka mthunzi wa mango unafika pa benchi yoyamba. Sanatembenuke. Ndili pomwepo ndinatsata kumene akuyang'ana. Geti lija limapenya ku msewu waukulu, kumene munthu wochokera kwathu amatsikira. Sakudikira ine.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Given, amene wakupatsirani kalata iyi, abwerera kuno Lachinayi la sabata yamawa ndi katundu wake wa nyemba, ndipo ndakambirana naye kuti akuperekezeni mpaka pakhomo. Mudzakhale pambali pa akulu athu Loweruka pa 26, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Malamulo a masewera simufunika kuwadziwa. Mpira ukalowa mu neti ya kumanzere theka loyamba, ndi wathu. Akatha, ndidzamasula waya, ndidzachotsa udzu, ndipo jekete mudzalipinda nokha n'kupita nalo kumudzi monga amalume ananenera.

Melody sakudziwa kuti ndakulemberani. Akuyeserera tsiku lililonse ngati palibe chimene chikuchitika. Musamulange chifukwa cha agogo ake.

Pali mawu amene mwakhala mukuwadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ndiwalemba kamodzi, ndipo musadzandiuze kuti ndiwanene pakamwa pamaso pa Nelly. Ndinalakwa, mlongo wanga. Jekete linali lanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa mwana wanu David ndi akazi ake, kwa adzukulu onse, ndi kwa azakhali a kutsidya kwa dambo ngati makutu awo akumvabe. Nelly akupereka moni.

Malo anu pa benchi yachitatu ndasesa kale, ndipo ndidzaikapo katsamiro chifukwa cha mwendo. Geti ndidzatsegula msanga. Mukadzalowa, musadzadabwe kuti akuyang'anani.

Ndine mlongo wanu,
Jackson Miti