Alamu Anga Akuti Ndisaine Mababu Amene Ndinawakana

Aphungu,

Mtima wanga ukuwira. Ndimagwira ntchito yoyeza mababu pakampani ina yopanga nyali zamagetsi. Babu ndimaliyatsa m'chipinda cha makoma akuda, ndimadikira theka la ola, kenako ndimayeza kuwala kwake, kachipangizo koyezera kali pamtunda wa mita imodzi. Ndimadikira chifukwa mababu athuwa akatentha, kuwala kumatsika.

Sabata yatha ndinakana mababu mazana atatu opita kuchipatala china, kuchipinda chochirira amayi. Akapitawo athu, amenenso ndi alamu anga, anakawayezera mu ofesi mwawo, makoma oyera mbee, mawindo otsegula, kachipangizo atakagunditsa pababu longoyatsa kumene. Manambala anakwera.

"Mlamu, maso ayamba kukuvutani," anatero pamaso pa anzanga onse. "Sainani apa, galimoto ikudikira."

Ndinakana. Pano nkhani yafika kunyumba. Amuna anga akuti ndikuchititsa manyazi achimwene awo, apongozi moni wanga sakuyankha. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuyeza mababu, lero ndiye ndakhala wakhungu? Ndisaine kuti banja lipume?

T.L., wa kuchipinda choyezera

Mayi T.L.,

Musasaine. Nanenso zandipsetsa mtima. Alamu anuwo anayeza dzuwa la pawindo ndi khoma lawo loyeralo, n'kuliwerengera babu. Namwino wosoka mayi amene wangochira kumene sagwira ntchito mphindi imodzi yokha ayi. Babu likatentha n'kuyamba kuzilala, singano imakhala idakali m'manja.

Koma kukalipirana m'khonde sikungakuthandizeni. Lemberani abwana aakulu mawa lomwe. Pemphani kuti munthu wina asankhe mababu khumi, ayezedwe inu ndi alamu anu muli pomwepo, potsata njira yolembedwa ya kampani. Mtunda, mphindi zodikira, chipinda, zonse zilembedwe, ndipo pepala lina musunge inu.

Amuna anu muwakhazike pansi mtima utazizira. Afunseni ngati angalole kuti mlongo wawo agonekedwe pansi pa babu limenelo.

Chenjerani ndi pakamwa. Musawatche alamu anu kuti ndi achinyengo, mwina sadziwa kumene kayezedwe kake, ndipo mukawanyoza pagulu adzauma khosi. Koma musaiwale ichi: tsiku limene achipatala adzabwere ndi dandaulo, sadzafunsa za apongozi anu. Adzangowerenga dzina limene lili pansi pa pepala lovomereza mababuwo.

Aphungu