Zala za aNataipi

Lolemba, 2 Okutobala 1989

Zavutanso. Wophunzira wachinayi pa mndandanda wa zotsatira, masamu 12. Pa pepala lake la mayeso, 81. Bambo ake abwera m'mawa, jekete ndi ambulera, akhala pa benchi ya pakhonde mpaka masana. Kholo lachisanu ndi chiwiri limenelo chitulutsireni zotsatira.

A Chidindo, mkulu wa ofesi ya mayeso pakoleji pano, atiitana awiri. Ine amene ndinalemba pulogalamu yosunga ndi kuwonkhetsa malikisi, ndi aNataipi amene amalowetsa malikisiwo m'kompyuta. Ati pofika kumapeto kwa mwezi akhale atadziwa ngati ndi makina kapena zala. Wolakwayo anyamule zake.

Ndawauza poyera kuti kompyuta silakwa. Chomwe waipatsa ndi chomwe imakubwezera. ANataipi manja pamiyendo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa taipilaita, mpaka lero kiyibodi amaimenya ngati akusinja. Akafika kumapeto kwa mzere dzanja limapitabe m'mwamba kukafuna chokankhira pepala chomwe kulibe. Ine ndimaseka, sindibisa.

Chovuta n'choti ndi azakhali a mkazi wanga. Ndiwonso anandinong'oneza za ntchito ino ndikadali mphunzitsi wa masamu wodya choko. Chabwino, anandinong'oneza. Koma mayeso olowera ntchito sanandilembere.

Lachitatu, 4 Okutobala

Phukusi lafika kuchokera kusitolo komwe koleji inagula kompyuta. Dibaga. Ndi pulogalamu yoyendetsa pulogalamu inzake pang'onopang'ono, mzere umodziumodzi, kuti uone pomwe ikupunthwa. Madisiketi atatu ndi bukhu la malangizo lonenepa ngati njerwa. Ndinaipempha ndine. Osati kuti ndikukayika ntchito yanga, koma ndikufuna a Chidindo aone ndi maso awo.

Disiketi yoyamba yalowa bwinobwino. Yachiwiri makina akana kuiwerenga, kumangolira khrr, khrr. Kasanu. Ndatsegula bokosi, fumbi lokwana kudzalamo nyemba. Ndapukuta kamutu kowerengera ndi thonje ndi sipiriti, yalowa.

ANataipi andibweretsera tiyi, aika pambali pa madisiketi. Ndawafunsa ngati akufuna kuti zimenezinso aziwononge. Achotsa kapu, akayimirira nayo pakhomo osadziwa kopita nayo. Tiyiyo ndamwa atazizira.

Lachisanu, 6 Okutobala

Masiku awiri ndikulimbana ndi memore, malo m'mene kompyuta imasungiramo zomwe ikugwira pa nthawiyo. Ndi ochepa. Dibaga ikalowa, pulogalamu yanga ilibe pokhala. Pulogalamu ikalowa, dibaga panja.

Bukhu likuti uchotse zosafunika m'fayilo yomwe makina amawerenga poyaka. Ndachotsa choyendetsa pulinta. Ndachotsa kawotchi kapakona. Ndachepetsa mafayilo otseguka nthawi imodzi kuchoka pa 20 kufika pa 10. Kuzimitsa, kuyatsa, sikirini bii. Mtima unangoti phwii, chifukwa malikisi onse a chaka chino ali m'menemo.

Nthawi yomweyo a Chidindo tulukira, afunsa chachitika n'chiyani. Ndati wina wagwedeza chingwe posesa. Amasesa kuseri kwa tebulo ndi aNataipi, aliyense akudziwa, sindinafunike kutchula dzina. Atatuluka ndayatsa makina ndi disiketi yapadera, ndapeza kuti ndinasiya chilembo chimodzi m'fayilo muja. Ndakonza. Sindinauze munthu.

Kompyuta ndi imodzi mu ofesi yonse, ndiye sabata ino mayiwa alibe chochita. Amangokhala kuseri kwanga n'kumapuma mokweza. Akonza kabati ya mafayilo kawiri.

Lolemba, 9 Okutobala

Yatheka! Sikirini yagawika pawiri, pamwamba mizere ya pulogalamu yanga, pansi manambala a m'memore akusinthasintha. Ndikadina batani limodzi, mzere umodzi ukuyenda n'kuima kudikira ine. Zokoma ngati kuyendetsa galimoto koyamba.

Ndalowetsa ndekha ophunzira onse 301, dibaga ili mkati. Tsiku lonse, osadya. Ndafananiza ndi mapepala a mayeso. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Wachinayi uja masamu 81.

Ndathamangira kwa a Chidindo. Anditcha katswiri. Ati, "Ndinkadziwa ine, zala zikakalamba zimayenda zokha." Taseka tonse awiri, chitseko chili chotsegula.

Kunyumba mkazi wanga wafunsa za azakhali ake. Ndati tikufufuzabe.

Lachinayi, 12 Okutobala

Chikhala ndinangoisiya dibagayi.

Ntchito inali itatha, ndimangosewera nayo kuti ndiidziwe bwino. Tsamba 88 likuphunzitsa kuika mlonda pa malo ena a m'memore, kuti pulogalamu iime china chake chikalembedwa pamenepo. Ndaika mlonda kumapeto kwa tebulo la mayina, chigawo cha m'memore chosunga mayina a ophunzira. Ndalowetsa, ndalowetsa. Pa dzina la 257, makina njii.

Tebulo la mayina ndinalipatsa malo 256. Ndine, ndi zala zangazi, chaka chatha, ophunzira ali 240. Ndinkati sadzapitirira pamenepo. Chaka chino ndi 301. Otsalawo, 45, pulogalamu ikumawalemba kunja kwa tebulo, ndipo kunja kwa tebulo n'komwe kumakhala malikisi a ophunzira oyambirira. Ikumawaponda.

Nanga Lolemba zinatuluka bwino bwanji? Tsamba 141. Dibaga ikakhala mkati imasiya mpata pakati pa matebulo. Mayina osefukirawo amagwera mumpatamo, osaponda kanthu. Ukaichotsa, mpata palibe.

Ndiye kuti mayiwa sanalakwitse nambala ngakhale imodzi. Ndaona mndandanda wa makolo odandaula, onse ana awo ali pakati pa 1 ndi 45. Zinali poyerayera, munthu wa masamu ine osaona.

Ndapita kuchimbudzi, ndakhalako nthawi yaitali. Pobwera ndawapeza aNataipi akupukuta kiyibodi ndi kansalu, batani limodzilimodzi. Ndawakalipira kuti asiye kugwiragwira zinthu zomwe sazidziwa.

Lachisanu, 13 Okutobala

Kukonza kwake ndi mphindi ziwiri. Koma ndikakonza lero, zala za mayiwa zichira mwadzidzidzi, ndipo a Chidindo si mwana. Adzafunsa ndasintha chiyani. Ndinalemba ndi kusaina kuti pulogalamu ilibe vuto, kalatayo ili m'fayilo mwawo. Ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Kubwerera ku choko, ana anga atatu kusamuka m'nyumba ya koleji, anzanga akale kundiseka kuti makina akulavula. Ayi.

ANataipi adya kale zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mwana alibe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine m'mimba mwanga muli bwinobwino.

Lamulungu, 15 Okutobala

ANataipi abwera kunyumba masana, atanyamulira ana malalanje m'kathumba. Wamng'ono wawakwera pamiyendo mpaka kugona pomwepo. Akudya pang'ono. Mkazi wanga akuti azakhali aonda.

Atatha kudya andifunsa motsitsa mawu ngati makina anga aja aonetsa kanthu. Ndati aonetsa kuti pulogalamu ili bwino. Ati mwina ndi maso, masiku ano 3 ndi 8 amafuna kufanana. Ndavomera msanga. Ndawauza za munthu woyeza maso pafupi ndi siteshoni ya basi, mpaka ndawajambulira kamapu.

Atapita mkazi wanga wandithokoza kuti ndimawasamala azakhali ake. Malalanje okoma, ndadya atatu.

Lachitatu, 18 Okutobala

Maganizo a a Chidindo: aliyense wa ife alowetse ophunzira onse 301 iwo akuona, mapepala omwewo, makina omwewo. Ati kuti pasakhale wonena kuti anaponderezedwa. Lero ine, mawa aNataipi.

Ndayatsa makina dibaga ili mkati. A Chidindo pampando kumbali kwanga, nyuzipepala m'manja, kusinza. Madzulo afananiza okha ndi cholembera chofiira. Zonse zolondola.

Tisanaweruke ndabwezeretsa fayilo yakale yoyatsira makina. Dibaga kunja. A Chidindo aona sikirini yasintha, afunsa. Ndati ndachotsa manambala apansi aja kuti asawasokoneze amayi. Ati ndine munthu woganizira anzanga.

Lachinayi, 19 Okutobala

ANataipi abwera ndi magalasi atsopano, kapepala ka mtengo kakadali kumwendo kwake. Diresi la kutchalitchi. Alowetsa pang'onopang'ono, chala pa pepala, milomo ikuwerenga nambala iliyonse kawiri. Akalowetsa khumi, kubwerera m'mbuyo kukaona. Nkhomaliro sanapite. Ine pawindo, kuwerenga m'mutu kuti afika pati.

Cha m'ma 3 koloko adutsa 256. Palibe chomwe chalira, palibe chomwe chaoneka. Iwo kumangopitiriza, mosamala ngati anyamula mazira.

Cholembera chofiira chayamba pa dzina loyamba lenileni. Pa lachiwiri. Pa lachitatu. Pa la 20 a Chidindo asiya, avula magalasi awo, ati zakwana. ANataipi atenga pepala la zotsatiralo, aliyang'ana nthawi yaitali kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako ayang'ana ine. Ine ndimamanga chingwe cha nsapato.

Chomwe ndamva n'chiyani? Kupepukidwa. Ndilembe zoona, bukhu lino ndi langa. Ndapepukidwa mpaka njala kundigwira.

Lachisanu, 20 Okutobala

Kalata yochotsa aNataipi yatuluka. Kumapeto kwa mwezi, ntchito ndi nyumba yomwe. Aisaina osaiwerenga. Afunsa chinthu chimodzi chokha, ngati angatenge taipilaita yakale ya m'sitolo. A Chidindo akana, ati ndi katundu wa koleji.

Lolemba, 23 Okutobala

M'mawa anthu asanafike. Ndafufuta 256, ndalemba 1000. Ngakhale mphindi ziwiri sizinakwane. Ndayesa popanda dibaga, zonse bwino. Madisiketi atatu aja ndi bukhu lake ndatsekera m'dirowa yanga.

A Chidindo ati kalata yondikhazikitsa pantchito ili m'njira. Akufunanso ndiphunzitse wolowa m'malo, ati apeza wa zala zanthete.

Lachiwiri, 31 Okutobala

Tsiku lomaliza la aNataipi. Anzathu asonkha agula mbale zagalasi zisanu ndi imodzi. Mawu otsazikana anandisankha ndine, poti ndine wachibale. Ndayankhula bwino, ena mpaka misozi.

Anthu atabalalika andipeza ndekha pa kompyuta, katoni ya mbale ili m'khwapa. Aika kapepala pa kiyibodi. Zolemba zawo zoongoka zija: "Dzina la 256, oyambirira ali bwino. Dzina la 257, woyamba wasintha. La 258, wachiwiri."

Ati anaziona tsiku la mayeso lija, pobwerera m'mbuyo kukaona. Anaonanso kuti dzulo lake sikirini inali yogawika pawiri, tsiku lawo ayi. Makompyuta sawadziwa, koma kuwerenga amadziwa.

Ndafunsa chifukwa chake sanawauze a Chidindo. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono, ndinadana nawo.

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, bambo a ana. Mkhatewo ndi mwana wa mchimwene wanga, ndi tiana tija. Mukonze, musadzapweteke wina."

Basi. Osakweza mawu, osalira. Atuluka, mbale zikugundana m'katoni.

Kunditukwana kukanakhala bwino. Kukanena kwa a Chidindo, bwinonso, ndikanakana, ndikanapambana, angamve za ndani pakati pa ine ndi iwo? Koma izi ayi. Ndiye kuti moyo wanga wonse ndizidya, ndizigona, ndizilera ana anga pa chifundo cha mayi womenya kiyibodi ngati mtondo. Anandipempha ine? Ndinawatuma? Kapepalako ndang'amba tizidutswa, ndataya m'mabini awiri osiyana.

Lachinayi, 2 Novembala

Kalata yanga yafika. Wokhazikika. Mkazi wanga wavina m'khitchini.

Kenako, ana atatuluka kukasewera, wayamba. Azakhali atuluke m'nyumba ya koleji pofika Loweruka, kopita kulibe. Chipinda chathu chakumbuyo chili chabe. Angatithandize kuyang'anira ana, iye n'kubwerera kuntchito yake yosoka. Wapempha atagwada, chinthu chomwe sanachitepo chikwatiraneni.

Ndaganiza za maso aja patebulo langa m'mawa uliwonse, akundipatsira mchere, osanena kanthu.

Ndamufunsa modekha ngati munthu amene wasokoneza malikisi a ana a eni 45, wosiyanitsa 3 ndi 8 movutika, tingamusiyire botolo la mankhwala a mwana wathu. Ndati ndimawakonda, koma ana ndi ana.

Walira nthawi yaitali. Kenako wapukuta m'maso, wati ndanena zoona. Mawa akawauza yekha.