Khoma la Magetsi ndi Chifuwa cha Lita

Mudzi wa Ankopa,
Pachilumba,
9 Novembala

Okondedwa Achemwali a Segunda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ku Bissau kumeneko. Ine ndilipo. Mvula yakata, mpunga wayamba kucha, ndipo Amayi mwendo uja wasiya kutupa. Pepani ndi malembedwe angawa, mukudziwa kumene ndinalekezera sukulu. Kalatayi ndikulembera kushedi ya mabwato kwa a Okante. Chifukwa chake ndinena, koma ndiyambe ndi za mwana.

Lita mphumu ija sinamusiye. Ikamugwira amakoka mpweya ngati akupumira m'kabango, nthiti zonse kuonekera. Kuchipatala chathu kuli kamakina kotulutsa nthunzi ya mankhwala, akamuveka kumphuno amatsitsimuka msanga. Koma kamafuna magetsi. Mabatire a sola aja anadyeka ndi mchere, ndipo jenereta imadikira dizilo wobwera pa boti. Mu Ogasiti inamugwira masana, mvula ili pakati. Ndinathamanga naye, ndinapeza anamwino atakhala pakhonde. Anati, "Quintino, dizilo anatha dzana." Kuti ndimuwolotse kupita kuchipatala chachikulu, nyanja inali itaphwa, bwato lili gone pamatope. Tinakhala naye pakhondepo ine ndi amake, anamwino akumupopera timankhwala totsala, mpaka madzi anabwera. Anapulumuka. Koma mmene inadera milomo yake tsiku limenelo, Achemwali, sindifuna kudzaonanso.

Mukukumbuka anthu a boma aja anabwera kudzayeza madzi? Ndine ndinkawapalasira bwato. Mkulu wawo, mayi Cassamá, anandifotokozera ndili pa nkhafi. Amati amange khoma la zipata pakamwa pa gombe lathu. Nyanja ikadzaza atseke, ikaphwa atsegule, madzi potuluka azizunguza makina, makinawo azipereka magetsi chilumba chonse. Za m'mapepala awo ine sindidziwa. Ndinangofunsa kuti, "Kodi zimenezi zimafuna dizilo?" Anati ayi. "Nanga kukachita mitambo?" Anati zilibe kanthu. Ndinati basi. Dzuwa limabisala, boti limachedwa, koma chibadwire changa nyanja sinajombepo. Imabwera ndi kupita kawiri pa tsiku, ngakhale tsiku la maliro.

Vuto lake, madzi akatsekeredwa matope aja amene azimayi amatolapo nkhono sadzaonekeranso ngati kale. Mayi Cassamá sanabise. Inu mukuwadziwa matope amenewo, ndi amene anatilera inu ndi ine miyezi ya njala. Ndipo amene akutsogolera azimayi otola nkhono chaka chino ndi Sabado, mkazi wanga.

Tsiku la msonkhano azimayi anabwera atagwirizana kale. Sabado anaimirira nati, "Magetsi sitikuwakana. Koma tiuzeni, mpunga ukatha m'nkhokwe tidzaphika mababu?" Anthu anaseka. Amuna anangoti zyoli monga mwa masiku onse. Atafunsa ngati alipo wovomera khomalo, ndinangopezeka ndaimirira. Sindinakonzekere. Ndinati, "Mwana wanga amafuna mpweya."

Wina kumbuyo anakuwa, "Mkamwini walankhula! Lero nyanja iphwa katatu!"

Sabado sanaseke. Anati, "Mwana wanu? Ine ndinamutola pamatope? Chabwino, apuma. Akapuma adye chiyani, bambo a Lita?"

Koma ine sindinakhale pansi.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza ukonde wanga, nkhafi, chikwanje ndi zovala zili panja pa khomo. Tanthauzo lake mukulidziwa. Nyumba ndi ya Sabado, anamanga ndi iye, udzu anafolera ndi iye. Sanakalipe ayi, zovalazo anachita kuzichapa ndi kuzipinda bwinobwino, ndipo chimenechi ndiye chinandipweteka. Ndinapita kwa Amayi. Anangoti, "Tsiku limene mkazi wako anakusankha anaika mbale ya nsomba patsogolo pako, iwe unadya wekha, palibe anakukakamiza. Kathetseni awirinu." Chichokere apo ndimagona kushedi. A Okante amandidzutsa m'mawa uliwonse kuti, "Anduna a zamagetsi, madzi afika, dzukani mukapalase." Ndimangoseka, nanga nditani, shedi ndi yawo.

Ndikanapirira, Achemwali, khomalo likanakhala kuti likubwera. Koma sabata yatha wailesi inanena kuti nduna yatsopano yasintha mfundo. Akuti ayambe akonza magetsi a mumzinda wa Bissau, za kuzilumba zidikire. Mayi Cassamá anabwera kudzatenga zida zawo zoyezera, ndipo ndinawapalasa ndine. Ndinafunsa, "Zidikire mpaka liti?" Anati, "Sindikunamizani, bambo Quintino. Mphamvu ilimo m'madzimu, ndayeza ndekha. Koma khomalo likamadzamangidwa, mwina Lita adzakhala ali kusukulu. Mwinanso ayi."

Ndiye onani. Khoma palibe, magetsi palibe, ine nyumba ndilibe.

Dzulo nyanja itaphwa, ndikusoka ukonde, ndinaona Sabado akubwera, matope akadali m'miyendo, m'manja muli mbale yovindikira. A Okante anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kwina.

Anati, "Ndamva kuti khoma lanu lagwa lisanamangidwe."

Ndinati, "Mwapambana, amake Lita."

"Ndapambana chiyani?" Anakhala pamphepete pa bwato. "Mphepo ya fumbi ikuyamba mwezi wamawa. Mukuganiza ndimagona? Pakhonde paja ndinalipo nanenso, mutu wake unali pamiyendo panga. Mwaiwala?"

Ndinati sindinaiwale.

Anati, "Matope sindingawagulitse, amadyetsa ana a mudzi wonse. Koma wanga sindimusunga kuno kuti ndidzamuike m'manda. Lemberani achemwali anu. Magetsi athu aja apita kwawo, mwana awatsatire."

Pempho langa ndi limeneli, Achemwali. Mutitengere Lita akhale kwanu, pafupi ndi chipatala, mpaka chifuwa chake chikhwime kapena boma likumbukire kuti kuno kuli anthu. Ndikudziwa nyumba yanu ndi yaing'ono, ndipo alamu muwafotokozere bwino, asaone ngati tikuwatulira katundu. Nsomba zouma, nkhono ndi mafuta ofiira a kanjedza tizitumiza pa boti lililonse. Mukavomera, ndibwera naye ndekha fumbi lisanayambe.

Sadzakuvutani. Musamuike pafupi ndi utsi wa makala, ndipo posesa muziyamba mwawaza madzi. Mukaona mapewa ake akukwera akamapuma, musadikire kuti ayambe kulira, chifukwa ikamugwira salira. Mpunga amadya bwino ukakhala ndi msuzi, nsomba muzimuchotsera minga, amameza osatafuna. Kansalu kobiriwira kamene adzabwere nako nkakale, koma musakataye, ndi ka amake. M'mawa uliwonse amafunsa ngati madzi abwera. Kwanuko nyanja sionekera pakhomo, ndiye muzingomuuza kuti abwera. Simudzakhala mukunama.

M'mbale ya Sabado ija munali nsomba ya mafuta ofiira, ngati tsiku loyamba lija. Sabado sanadikire kuti aone ngati ndidya. Ponyamuka anangoti, "Mbaleyo mukabweze nokha kunyumba, ine sindibweranso kudzaitenga." Ndinadya yonse. Ndikamaliza kalatayi ndinyamula mbale, ukonde ndi zovala zanga. Ndikulowa m'nyumba pamene mwana akukonzeka kutulukamo, ndipo sindikudziwa kuti awirife tizidzakamba chiyani pakhomo pakadzakhala zii.

Amayi akupereka moni. Sabado akuti mupereke moni kwa alamu, ndiponso akuti tsitsi la Lita musamamange zolimba, amadandaula mutu. Lita sitinamuuze. Akusewera pamchenga apa, akumanga kakhoma kake kotchinga madzi, ndipo madzi akubwera.

Muyankhe ndi boti likubwerali, chonde.

Ndine mlongo wanu,
Quintino