Matayala a Galimoto ya Alamu a Dennis

Turffontein, Joni
24 Novembala 1996

Okondedwa achimwene a Vinsenti,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu a Kristina ndi ana onse. Nanga amayi mwendo uja ukuwalola kutsikira kudimba? Anthu obwera kuchokera ku Dedza akuti mvula yalawirira chaka chino, moti kwathu ku Lobi ambiri adzala kale. Ndikhulupirira kuti nanunso chimanga chamera bwino, ndipo nyemba simunachedwe nazo. Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye uli m'mwamba, n'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndapatsira a Zikhalo amene akukwera basi mawa, chifukwa ya papositi ikhoza kukupezani zinthu zitachitika kale.

Ntchito ndikugwirabe pamalo paja pogulitsa ndi kumanga matayala. Manja angawa mutawaona mungaganize kuti ndimaotcha makala, sopo anagonja kalekale. Bwana wanga, mzungu wachikulire amene anakulira ku Tete, masiku ano amandisiya ndekha pamakina ochotsera tayala pa limu. Achemwali a Elena ali bwino, ana awo Dalitso ndi Marita nawonso akukula. Marita wayamba kuyankha m'Chizulu. Ukamutuma m'Chichewa amangokuyang'ana mwachibwana mpaka amayi ake atakweza mawu.

Nkhani imene yandiimika mutu ndi iyi. Alamu a Dennis, amuna a achemwaliwa, agula galimoto. Musaganize za bokosibode ngati zija zimanyamula kabichi pa Linthipe. Iyi ndi yofiira, yaifupi, mimba yake imatsala pang'ono kukhula pansi, ndipo ikalira agalu a mumsewu wonse amauwa. Anaigula kwa mnyamata wina wachizungu amene ankathamangitsana nayo ndi anzake. Imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi imodzi, ndipo mawu amenewa alamu amauza aliyense, ngakhale munthu amene wangowapatsa moni panjira. Akuti pa Khirisimasi abwera nayo kumudzi, iwowo, achemwali ndi ana, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete n'kulowera pa Dedza.

Galimotoyo inabwera ndi matayala otheratu, awiri akumbuyo waya ali poyera. Ndiye sabata yatha alamu anafika nayo kuntchito kwathu. Kunena zoona ndinanyadira, ndimvekere onse aone kuti nanenso ndili ndi abale oyenda pa galimoto. Poyamba ankafuna kusintha awiri okhawo. Bwana anawafotokozera kuti galimoto yokoka ndi anayi imafuna matayala anayi ofanana, mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, apo ayi wilo lina limafuna kuzungulira msanga, linzake likutsalira, mpaka zitsulo za m'kati zimayamba kudyana. Apa alamu anamva bwinobwino, sanatsutse. Ine ndinati zayenda.

Zinthu zinasokonekera posankha. Bwana anafunsa kuti galimoto ikupita kuti, ine n'kufotokoza zonse: maenje a msewu wa ku Tete, msewu wa tala mpaka pa Linthipe, kenako katondo wathu uja, zitunda, ndi mvula ya Disembala. Bwana anagubuduza matayala anayi a mizere yozama, ocheperako m'lifupi koma okhuthala m'mbali, oti akagunda dzenje limu siliphwanyika, ndipo akaponda matope mizere imalavula. Anati si a thalakitala, koma munthu woyenda mofatsa akhoza kufika nawo.

Alamu sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pakhoma, pamene timapachika matayala a anyamata othamanga aja. Amenewo ndi otambalala, opyapyala m'mbali ngati lamba, mizere yake yongolembalemba pamwamba, ndipo amayendera malimu akuluakulu onyezimira. Pa tala wouma amagwiradi, zimenezo sindingakane. Koma pa katondo wonyowa timizere timeneto timadzaza nthawi yomweyo, tayala n'kusanduka sopo. Alamu analoza amenewo, ndipo ndi okwera mtengo kuposa aja bwana anatulutsa. Ndiye musaganize kuti anachita chifukwa choumira.

Bwana anayesetsa, mkulu uja ndimupatse ulemu. Anati mawilo anayi amathandiza pokoka, koma potsika chitunda, munthu akaponda buleki, galimoto iliyonse imadalira tayala basi, ndipo tayala likatsetsereka palibe injini imene ingakuimitse. Alamu anangoseka. Anati pa nthawi ya kampeni magalimoto a zipani ankafika mpaka kuseri kwa Lobi, nanga yawo yokoka ndi anayi ingalephere bwanji. Abale inu! Masankho aja anali mu Meyi, fumbi lili kobo, ndipo magalimoto ake anali ataliatali, a matayala a mano. Ndinafuna kuseka koma kuseka sikunabwere.

Ndinayankhula nawo m'Chichewa kuti bwana asamve. Ndinawakumbutsa potsetsereka paja titangodutsa pa Mkundi, pamene msewu umakhota n'kutsikira pa mlatho wa mitengo, pomwe ngolo ya a Sangwani inagubuduzika ndi ng'ombe zomwe. Ndinati kumanzere kwake ndi phompho, ndipo m'galimoto mudzakhala ana. Ndinawauzanso kuti tayala la sipeya ndi lakale lija, laling'ono, losafanana ndi atsopanowa, ndipo limodzi likaphulika ku Tete sadzapeza lotere ngakhale pa boma pa Dedza. Alamu anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundifunsa kuti anandibweretsa ku Joni ndani, ndipo ndimagona m'nyumba ya yani. Ndipo n'zoona, anandibweretsa ndi iwowo, ndipo ndimagona kwawo.

Ndiye ndinawamanga, achimwene. Ndekha, ndi manja anga omwewa, onse anayi. Ndinapopa mpweya wokwanira, ndinamanga mabawuti mpaka phewa kuwawa, ngati kumanga zolimba kungasinthe kanthu. Alamu akuuza anzawo kuti matayala anamanga ndi mlamu wawo katswiri.

Tikubwerera kunyumba madzulo a tsiku limenelo, alamu anandikweza kutsogolo. Anayendetsa pang'onopang'ono, zosayembekezeka, ndipo mkwiyo uja unali utatha. Anandifunsa ngati ndikukumbuka tsiku lometa pa maliro a bambo. Ine ndinali wamng'ono koma ndikukumbuka. Nthawi imeneyo iwo anali pa chikamwini kwathu, akulima munda wa kumtunda uja. Akuluakulu akukambirana za ng'ombe za malemu, a Dennis anayesa kuponyapo mawu, inu n'kuwadula pakamwa. Munati mkamwini akhale chete, anabwera pamudzi pano wapansi ndi bulangete limodzi, ndipo tsiku lochoka adzachokanso wapansi. Anthu anaseka, azimayi mpaka kugwirana mapewa. Chaka chomwecho a Dennis ananyamuka kubwera kuno.

Anandiuza kuti mawu amenewo sanawachoke m'makutu. Akuti ankawamva akutsuka mbale za azungu, ankawamva akugona pa makatoni m'galaja. Ndipo anati matayala amenewa, otambalala chonchi, akufuna akadinde pabwalo la nyumba yanu, pakhonde penipeni, kuti aliyense amene anaseka tsiku lija adzaone mapazi amene mkamwini wabwerera nawo. Sanakalipe ponena izi. Ankayankhula motsitsa, maso ali pamsewu, ndipo zimenezi ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Achimwene, mundikhululukire, ndine wamng'ono kwa inu ndipo sindinakuyankhulenipo chonchi. Koma pakamwa panu mumapadziwa nokha. Mukakwiya mumalasa, kenako mawa mwaiwala, mukuseka ndi munthu yemweyo. Anzanu saiwala. Sindikuti alamu akuchita bwino, ayi, akuchita zopusa ndithu, munthu wamkulu wa ana awiri kuika banja lake pachiswe chifukwa cha mawu akale. Ndawakwiyira kwambiri. Koma nanunso ndakukwiyirani, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndinene.

Achemwali ndinawafotokozera zonse. Ndinawapempha kuti iwo ndi ana akwere basi, amuna awo abwere okha ndi galimoto yawoyo. Anapukusa mutu. Anati akatero kumudzi konse kudzamveka kuti banja latha, ndipo a Dennis sadzawakhululukira mpaka kalekale, chifukwa galimoto yofika pakhomo popanda mkazi ndi ana ndi manyazi ena. Anati iwonso ayesa kuyankhula, koma nkhani ikangoyamba alamu amatuluka kukapukuta malimu. Achemwali sadandaula pagulu, mukuwadziwa, koma masiku ano akudya pang'ono, ndipo korona sikuchoka m'manja.

Bwana anandiuza kuti alamu akasintha maganizo tisanayende nawo kwambiri, iye adzalandira matayalawo n'kuika ena aja. Ndinakawauza. Anandiyankha kuti ndikatchulanso za matayala m'nyumba mwawo ndikafune kogona kwina. Ndinaganizapo zoboola limodzi mwakabisira, koma ndinaona kuti angogula lina lomwelo, ndipo ine ndidzakhala ndachimwa pachabe. Apa nzeru zanga zathera pomwepa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi inu nokha amene mungalikwanitse, poti Elena ndi ana ake ndi mbumba yanu. Tikayenda bwino tidzafika pa Linthipe Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike. Mudzatsike ndi ngolo mudzatichingamire pamenepo, pa tala. Musadzatume mwana, musadzatume a Kristina, mudzabwere inuyo, mutavala jekete lija la kutchalitchi. Amayi ngati mwendo ulola muwakweze, ndipo muitaneko akuluakulu awiri atatu mwa amene analipo tsiku lometa lija. Tikachedwa pachipata cha pa Dedza mudikire ndithu, a Wongani a golosale aja sangakukanizeni pogona.

Galimoto ikaima, muyambe ndinu kupereka moni, ndi manja awiri. Muwatchule kuti abambo a Dalitso. Muizungulire galimotoyo, muifunse mafunso, muwalole akuuzeni kuti imakoka ndi anayi ngakhale kakhumi, anthu a pamsika aunjikane aone. Kenako, pamaso pa akuluakuluwo, muwauze kuti mawu aja munalakwitsa. Mukatero muwapemphe, osati kuwalamula, kuti galimoto yabwino chonchi isakaonongeke m'matope, aisiye mumpanda kuseri kwa golosale ya a Wongani, ndipo inu monga mwini mudzi mwabwera kudzanyamula alendo anu pa ngolo. Musadzanene za matayala, ndipo musadzatchule kalata ino.

Ndikudziwa kuti mukuwerenga apa nkhope yasintha kale. Mukuti inu, munthu wamkulu, mukapepese mkamwini pamsika, pamaso pa ogulitsa tomato. Eya, ndi zomwezo ndikupempha. Alamu sakulimbana ndi chitunda cha pa Mkundi, akulimbana ndi inu. Mukawapatsa ulemu wawo pa Linthipe, ndikhulupirira kuti sadzaufunanso pakhonde panu. Mwina ndikulakwitsa, mwina adzaumitsabe khosi, koma njira ina sindikuiona. Manyazi anu adzatha anthu akamabalalika pamsika. Zimene ndikuopa ine sizidzatha.

Mwaona kuti ndikulemba kuti tidzafika. Inde, nanenso ndikwera nawo. Ndinapempha tchuthi, bwana n'kunena kuti Disembala ndi mwezi wa ntchito yambiri, ndikachoka sangalonjeze kuti ndidzapeza malo anga. Ndamumvetsa, sindikumuda. Koma sindingaime pageti n'kumakweza dzanja, ndikuona matayala amene ndinamanga ndekha akutenga mlongo wanga ndi ana ake. Alamu asangalala, akuti ndizidzawathandiza kupukuta galimoto tikamayandikira kumudzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndagula ndipo ndibwera nawo ndekha. Kalatayi musawawerengere yonse, mungowauza kuti ana awo akubwera. Moni kwa alamu a Kristina ndi ana, kwa azakhali a Anjelina, kwa a Jesinta ndi amuna awo, ndi kwa onse a mphakati wathu. Apempheni atikumbukire m'mapemphero a paulendo.

Ine ndidzakhala kumbuyo ndi ana. Tikamadzayandikira pa Linthipe ndidzakhala ndikusuzumira pawindo kufunafuna ngolo yanu. Mukadzapanda kuoneka, alamu sadzaima, adzangokhotera msewu wa ku Lobi, ndipo chimene ndidzathe kuchita ine ndi kumunyamula Marita pamiyendo n'kumugwira zolimba. Chonde achimwene, mudzakhalepo.

Ndine mng'ono wanu,
Damiano