Mtengo Wanu wa Mandimu Wabereka

Golomoti
18 Meyi 2024

Okondedwa amake Chifuniro,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Joniko? Ndamva kuti kwayamba kuzizira, kodi chifuwa chanu chija sichinayambirenso? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mpunga ku Bwanje wacha, sabata yamawa tiyamba kumweta.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Pafoni ndimangoti zonse zili bwino, chifukwa ndikamva mawu anu otopa aja lilime limalemera. Ndiye ndapatsira a Alufeyo, oyendetsa basi aja, kuti akupatseni pamanja.

Mtengo wa mandimu munabzala kuseri kwa khitchini muli pafupi kunyamuka uja wabereka chaka chino. Nthambi zina ndachita kuikira mphanda kuti zisathyoke. Koma si nkhani imeneyo yokha.

Mwezi wathawu Chifuniro anadwala malungo. Tinagona naye kuchipatala ku Mua masiku asanu. Lamlungu lija ndinakuuzani kuti wapita ku kwaya, mwanayo anali pa diripi, ine ndikulankhula nanu panja pa wodi. Ndinanama, Eliza. Ndinkaopa kuti mulira muli nokha m'nyumba ya eni.

Titatuluka anakana kudya. Phala ayi, nthochi ayi, ngakhale tiyi. Ankati m'kamwa mukuwawa. Tsiku lachitatu ndi pamene anati akufuna madzi a mandimu aja amayi ankapanga.

Inu mukudziwa kuti ine ndinkangomwa, sindinaonepo mmene munkapangira. Ndinathyola mandimu khumi, kuwadula ndi makoko omwe, kuwasinja mumtondo, kuthira madzi ndi shuga. Mwana analawa kamodzi n'kulavula. Nditalawa ine, anali ngati mankhwala. Iye anangotembenukira kukhoma.

Ndinapita kwa mnzanu Fatima, mkazi wa a Yasini asodzi aja. Nditafotokoza za mtondo anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anatsuka m'manja n'kubwera kwathu.

Anati ndimu umayamba walikunkhuniza pathebulo ndi chikhatho mpaka lifewe. Ukalidula pakati umafinya pang'onopang'ono, osalimbana nalo khoko, poti kuwawa kumakhala m'khokomo ndi m'nthanga. Umasefa ndi kansalu koyera. Shuga umasungunula kaye m'madzi otentha pang'ono, n'kuponyamo masamba awiri a mtengo womwewo, akazizira ndiye kuphatikiza. Mchere kungotsina. Madzi ake akhale a mumtsuko, osati ongobwera nawo kumjigo. Anati zonsezi munamuphunzitsa ndinu.

Ndinapanga ndekha, iye akungoloza. Zala zanga zong'ambika ndi ntchito ya m'madzi zinanyerenyetsa koopsa, koma sindinasiye.

Chifuniro anamwa kapu yonse. Anapempha ina. Ndinamufunsa ngati akufanana ndi a amayi, iye anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi omwewo. Madzulo ake anadya phala. Ine tsiku limenelo ndinayenda ngati ndapambana mpikisano.

Patapita masiku angapo Fatima anandiitana pambali. Anati mwana uja anapita kukamuthandiza kusankha mpunga, ndipo ali mkati mosankha anamuuza kuti, "Azakhali, ndinawanamiza adadi. Madzi a amayi aja sindikukumbuka kakomedwe kake. Ndinangovomera kuti asadandaule." Akuti anafunsanso ngati ndinu wamtali kuposa Fatimayo, chifukwa pafoni amangoona nkhope.

Eliza, munachoka ali ndi zaka zisanu. Mwezi wamawa akwanitsa zisanu ndi zinayi. Mano ake anaguluka n'kumeranso inu kulibe. Tsitsi amamuluka anthu ena. Tsopano waphunzira kubisa zakukhosi kuti ateteze bambo ake, monga momwe ine ndimabisira kwa inu. Zimenezi wazitengera kwa ine.

Ndivomere mlandu wanga. Munkafuna kubwerako chaka chachiwiri, ine ndi amene ndinati pirirani timange nyumba. Chaka chachitatu ndinati pirirani tifolere. Chaka chathachi ndinatchula simenti. Anzanga akamayamikira malata kumsika ndinkamva kukoma, osaganiza kuti inu mukulera ana a eni wanu akukula yekha. Nyumbayo yatsala mawindo awiri. Tidzatseka ndi masaka, palibe amene anafa ndi zimenezo.

Chonde musandiyankhe ndi malangizo a kapangidwe ka mandimu. Kupanga ndaphunzira, ndipo Loweruka lililonse timapanga awiri ndi Chifuniro, iye kufinya ine kusefa. Timadzaza jagi yaikulu ija, koma sitimaliza. Ndikupempha kuti mutsanzike kwa mabwana anu, mubwere. Ngati mtima wanu uli ndi mkwiyo pa ine, mudzandikalipire muli pakhomo pano, ndidzamvetsera.

Mwana sindinamuuze kuti ndalemba zimenezi. Sindikufuna ayambe kuwerenga masiku inu musanayankhe.

Mundiperekere moni kwa achimwene anu a Khumbo ndi akazi awo. Mayi anu ku Mtakataka ndinawaona Lachiwiri, miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Fatima akuti musaiwale kuti mpando wanu ku chinkhoswe cha mwana wake mu Ogasiti sapatsa wina.

Ambuye akusungeni, akutsegulireni njira yobwerera kwanu.

Ndine mwamuna wanu,
Misheck