Mbale ya Agalu a Bwana Chikoti

Kasiya, Lilongwe
12 Juni 2011

Okondedwa achemwali anga a Febe,

Ndikhulupirira kuti kumudziko ku Phalombe mukudzuka bwino. Ife kuno ku esiteti moyo tili nawo, koma zimene ndaona mwezi uno zikundichititsabe nseru.

Bwana wathu, a Chikoti, anagula agalu akuluakulu a mtundu wakunja kuti azilondera fodya. Agaluwo anaswana, ndipo wowapatsa chakudya ndi alamu anu, a Laston. Tsiku lina galu mmodzi anangogwa akuthamanga, n'kufera pomwepo. Mawa lake winanso. Bwana anasonkhanitsa matenanti tonse pabwalo.

"Laston, wandithirira poizoni wa tameki agalu anga," anatero. "Ngati ukukana, idya chakudya chawocho tione."

Achemwali, anawagwaditsa. M'mbale ya agalu munali phala la madeya losakaniza ndi matumbo a nkhuku, ntchentche zili pamwamba, dovu lili m'mbali. Alamu anu anadya ndi dzanja mpaka bwana anati basi. Ine ndinathawira kuseri kwa chigafa cha fodya kukasanza.

Kenako kunabwera dokotala wa ziweto wa m'tauni. Anang'amba galu wakufayo n'kutulutsa mtima wotupa ngati papaya.

"Poizoni mulibe," anauza bwana tonse tikumva. "Ndi nthenda ya mtima ya kumtundu, atengera bambo wawo. Paja ndinakuuzani chaka chatha kuti wamphongoyu asabereketsenso, eti?"

Ndiye kuti bwana ankadziwa. Anangoseka n'kunena kuti nkhani yatha. Tiana ta agalu totsala akugulitsa kwa anthu a ku Nsaru osawauza kanthu, ndipo alamu anu m'mawa uliwonse akutsukabe mbale yomwe ija, ati tidikire fodya agulitsidwe kuti tilandire malipiro athu.

Ichi ndikuuza inu nokha. Ndikudziwa kuti anadya pofuna kuti tisathamangitsidwe, koma chichitikireni sindikutha kudya nawo pamodzi. Akandigwira ndi dzanja lija thupi langa limanyansidwa, ndipo iwo aona. Masiku ano akumadyera panja okha, osafunsa chifukwa.

Chonde mundisesereko kanyumba kanga kaja, ndibwera ndi mwana wathu Rejoice mwezi ukatha. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti ndikubwera kudzangocheza. Alamu anu sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. Akanadziwa akanakupatsani moni, ndiye muulandirebe, ndi munthu wabwino.

Ndine mng'ono wanu,
Nelia