Kabichi Wosaphika wa Amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno thupi lili bwino, koma kalata yanu yandisowetsa mtendere. Mwati amayi aonda mpaka diresi lawo la kutchalitchi likungokhwepa. Wolakwa ndine, sindikana.

Paja ndimagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti yosagulitsa nyama. Abwana athu amakhulupirira kuti moto umapha chakudya. Tsiku lonse ine ndi mpeni basi, kuwaza kabichi, kupala karoti, kudula nkhaka. Mbaula ilipo, koma ntchito yake ndi yowiritsa madzi a tiyi. Makasitomala amabwera khungu lili see, ndiye ine ndinatengeka. Nditamva kuti amayi awapeza ndi matenda othamanga magazi, ndinawaimbira foni n'kuwauza molimba mtima, ngati kuti ndine dokotala, kuti asiye zophika. Ndinaiwala kuti makasitomala athu ali ndi mano onse, pomwe amayi anatsala ndi anayi okha.

Lachiwiri ndinafunsa anesi ena amene amadya pathu masana. Anayamba aseka kaye, kenako anati nkhaniyi ilibe mbali imodzi. Zipatso n'zabwino zosaphika, koma karoti ndi tomato thupi limapindula nazo zikaphikidwa pang'ono, ndipo nyemba zosapsa zimadwalitsa. Choipa, anatero, ndi kuwiritsa masamba mpaka ade bii, n'kutaya madzi ake. Anatinso chakudya chimene munthu akulephera kutafuna sichingamuthandize ngakhale chikome chotani. Ndinachita manyazi, achemwali, mpaka kusowa poyang'ana.

Chandipweteka kwambiri ndi chimene mwalemba, kuti mukawaphikira amakankha mbale, ati mwana wawo wa m'tauni analetsa. Miyezi itatu yathunthu akulimbana ndi kabichi wosaphika, osadandaula, pongofuna kuti mawu anga asagwe pansi.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaphikire masamba afewe, mchere pang'ono, ndi nyemba zopsa bwinobwino. Koma musanawapatse mbale, muyambe mwawawerengera kalatayi mokweza, poti inu sakukumverani. Amayi, ndine mwana wanu womaliza ndikulankhula. Ndinalakwitsa, ndipo mundikhululukire. Chonde idyani.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira